Za Mapanga a Njanji ndi Nyundo ya Atsibweni Anga

Inu amai ndi abambo amene mwayamba kuwerenga mutakula kale, ndifuna kukusimbirani nkhani ya njira zoboola mapiri. Ena a inu munaziona ndi maso anu pa ulendo, koma ambiri munangozimva m'kamwa mwa anzanu. Mseu kapena njanji ikafika pa phiri lalitali, amisiri ali ndi nzeru zitatu: kulikwera, kulizungulira, kapena kuliboola. Galimoto imatha kulimbana ndi citunda, koma sitima ya pamtunda siitha, pakuti mawilo ace acitsulo amaterereka pa njanji yacitsulo. Cotero kawiri-kawiri amisiri amaboola phiri monga mbewa iboola una, nadutsitsa njanji m'kati mwace. Makolo athu sanaboole mapiri, motero sanatisiyire dzina la njira yotere. M'nkhani muno ndidzaicha phanga, pakuti ndi phanga ndithu, koma la makomo awiri, lokumbidwa ndi manja a anthu.

Za kukumba mapanga atsopano anena ndi ena. Ine ndinena za mapanga okalamba, ndi za anthu amene amawakonza. Sindine mmisiri ai. Ndine mphunzitsi wamkuru wa sukulu ya pulaimale kuno ku dera la Katete, ndipo zaka zanga zapitirira makumi anai. Zimene ndidzanena ndinayamba kuziphunzira kwa atsibweni anga, zina ndinazipeza m'mabuku ndi m'manyuzipepa, koma phunziro lowawa koposa ndinalilandira pa citsime ca sukulu yanga.

Ulendo wa ku Dar es Salaam

Atsibweni anga, mlongo wao wa amai, anagwira nchito zaka 26 pansi pa nthaka m'migodi ya mkuwa ku Copperbelt. Nchito yao inali yotere. Miyala ikaphulitsidwa, utsi ndi fumbi zitatha, munthu mmodzi amatsogola ndi ndodo yacitsulo yaitali, nagogoda denga la mgodi anzace asanalowe. Mwala wolimba umalira ngwee, ngati belu. Mwala wosweka m'kati, wofuna kugwa, umalira phuu, ngati ng'oma yonyowa. Wogogodayo akamva kulira kwaciwiriku amaugwetsa dala mwalawo ndi ndodo yace, kuti ungagwere munthu. Atsibweni anali mmodzi wa ogogoda otere, ndipo makutu ao anapulumutsa anthu amene sanadziwe nkomwe kuti apulumuka.

Mu 2008, atapuma pa nchito, anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Dar es Salaam kukatenga kagalimoto ka katundu kamene anagula ndi ndarama zao zopumira. Tinakwera sitima ya TAZARA pa Kapiri Mposhi.

Njanji imeneyi iri ndi mbiri imene mwana ali yense wa Zambia ayenera kuidziwa. Dziko lathu liribe nyanja ya mcere, ndipo kale mkuwa wathu unali kuturuka kudzera kumwera, m'maiko olamulidwa ndi Azungu. Pamene boma la Ian Smith ku Rhodesia linapandukira Britain mu 1965, njira ya kumwerayo inasanduka msampha. A Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere anagwirizana zomanga njanji yopita ku doko la Dar es Salaam, ndipo dziko la China linabvomera kukongoza ndarama ndi kutumiza amisiri. Nchito inayamba mu 1970, nitha mu 1975. Kutalika kwa njanjiyo ndi makilomita 1,860, ndipo iri ndi milatho 320 ndi mapanga 22. Mapanga ambiri ali mbali ya Tanzania, m'mapiri a pakati pa Makambako ndi Mlimba, kumene nchito inabvuta koposa. Anthu oposa 160 anafera pa nchito ya njanjiyi, ndipo oposa 60 mwa iwo anali a ku China.

Usiku waciwiri wa ulendo wathu, titapitirira Mbeya ndi Makambako, sitima inayamba kutsetsereka m'mapiri aja. Kunja kunali mdima wa ndiwe yani. Mwadzidzidzi phokoso la mawilo linakula ngati talowa mu mgolo, mphepo yozizira inalowa pa zenera, ndi fungo la utsi wa injini pamodzi.

"Aphunzitsi, mwagona kodi?" anatero atsibweni.

"Iai, atsibweni, ndiri maso."

"Tacherani khutu. Talowa m'phiri."

Ine mtima unali m'mwamba poganiza kuti phiri lathunthu liri pamwamba pa mutu wanga. Iwo anakhala phee, nawerenga mapanga ndi makutu okha, limodzi-limodzi. Pa khomo la phanga lina tinaona nyali, ndi amuna angapo ataima m'mbali mwa njanji, mafosholo ali m'manja, kudikira kuti sitima ipite. Atsibweni anawaimikira dzanja, ngakhale iwo sanathe kutiona.

"Amene anakumba muno ndiwatamanda," anatero. "Koma amene ndiwabvulira cisoti ndi awa, olowa muno ndi nyali pamene ife tiri m'tulo."

Ine ndinafunsa mwa ubwana kuti, "Nanga afunanji usiku uno? Kodi phangali silinathe kumangidwa kale-kale?"

Anaseka, nati, "Munda uja munalima caka catha, kodi unatha kulimidwa?"

Adani a phanga

Mau amenewa ndinawamvetsa patapita zaka. Phanga liri ndi adani amene sagona, ndipo wamkuru wa onse ndiye madzi. Akuru anati madzi saiwala khwawa. Phiri lisanabooledwe, madzi a mvula amakhala ndi tinjira tao m'ming'alu ya miyala. Munthu akaboola phanga amadula tinjira timeneti, ndipo madzi a m'phirimo amapeza khwawa latsopano, ndilo phanga lomwelo. Cifukwa cace amisiri amamanga khoma la njerwa kapena la konkire kuzungulira m'kati monse, nasiya ngalande kuseri kwa khomalo ndi pansi pa njanji, zoturutsira madzi kunja. Ngalande zikatsekeka ndi matope, madzi amaunjikana kuseri kwa khoma, nalikankha usana ndi usiku. Amadya simenti ya pakati pa njerwa, amakokolola dothi nasiya mphako, ndipo khoma limatsala lopanda cotsamira. Ku maiko ozizira madziwo amaundana m'ming'alu, natupa, nakuza mng'alu caka ndi caka.

Kuti muone kuuma mutu kwa madzi, tamvani za phanga lina la ku Britain, lopita pansi pa mtsinje wa Severn, pakati pa England ndi Wales. Kutalika kwace ndi makilomita 7, ndipo linatsegulidwa mu 1886. Mu 1879, okumba ali pa nchito, anaboola kasupe wamkuru wa pansi pa nthaka, ndipo madzi anadzaza m'mene anali kukumbamo. Kasupeyo sanagonje. Amisiri anangopangana naye cibale: anaika makina opopa madzi pa mudzi wa Sudbrook, ndipo makinawo amaturutsa malita ngati 50 miliyoni tsiku liri lonse. Poyamba anali makina a moto ndi nthunzi, pambuyo pace anaika a magetsi, koma kupopa ndi komweko. Cifukwa ca cinyontho ca m'menemo, njanji imene kunja ikadakhala zaka 25 imafuna kusinthidwa zitapita zaka ngati 10 zokha. Amene anakumba phangalo anafa kale onse, koma zidzukulu za zidzukulu zao zikali kulipira ngongole ya madzi.

Mdani waciwiri ndi dzimbiri, mwana wobadwa kwa madzi. M'kati mwa konkire amisiri amaikamo zitsulo zolimbitsa. Cinyontho cikafika pa zitsulozo zimacita dzimbiri, ndipo citsulo ca dzimbiri cimatupa, nicing'amba konkire kucokera m'kati, monga muzu wa kacere ung'amba mwala. Kunja khoma lioneka losalala, m'kati litatha kale.

Wacitatu ndi phiri leni-lenilo, pakuti silikondwera ndi mphako imene anthu anaisiya m'mimba mwace. Limapanikiza pang'ono-pang'ono kufuna kuitseka, ndipo kuli dothi lina limene likanyowa limatupa ndi kukweza njanji. Wacinai ndi moto, umene m'phanga umatentha ngati m'ng'anjo, utsi wace nusowa koturukira.

Citsime ca pa sukulu

Tsopano ndiulule colakwa canga. Citsime ndi phanga loimirira, ndipo adani ace ndi omwewo. Pa sukulu yathu pali citsime cimene makolo anakumba ndi manja ao, cakuya mamita 14, comangidwa ndi njerwa m'kati, ndi civundikiro ca konkire pamwamba. Ana onse a sukulu ndi mabanja a aphunzitsi amamwa pomwepo.

M'mwezi wa October 1918 sindinabadwe, koma October wa 2018 sindidzamuiwala. Atsibweni anabwera kudzaceza, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Madzulo ena anaima pa citsime nthawi yaitali, kupenyerera ana akutunga. Anaona kuti kangalande koturutsa madzi otayika kanasweka, ndi kuti madziwo anali kulowa pansi m'mbali mwa civundikiro. Anatuma mwana kukatenga kanyundo kao m'thumba, nagwada, nayamba kugogoda konkire kuzungulira. Mbali ya kum'mawa inalira ngwee. Mbali ya kumadzulo inalira phuu.

"Aphunzitsi, bwerani kuno. Gogodani nokha."

Ndinagogoda, ndipo ndinamva kusiyana kwace bwino lomwe.

"Pansi apa palibe dothi," anatero. "Madzi adya. Njerwa za pamwamba zangoima pa cisomo ca Mulungu. Konzani mvula isanagwe."

Ndarama zinalipo, zocepa, zimene makolo anasonkha. Koma mwezi wotsatira tinali kuyembekeza alendo olemekezeka pa tsiku la mphatso za ana, ndipo ine ndinali watsopano pa mpando wa mphunzitsi wamkuru. Ndinafuna kuti alendo akanene zabwino za ine. Ndinagula utoto, tinapaka makoma a kutsogolo, tinapaka njereza miyala ya m'mbali mwa njira, ndipo ngakhale civundikiro ca citsime comweco tinacipaka coyera mbee. Ndinauza atsibweni kuti tidzakonza mvula ikatha.

Iwo anangoti, "Madzi sadikira kuti alendo anu apite."

Alendo anabwera, nayamika ukhondo wa sukulu, napita. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Usiku wina wa February 2019 kunagwa mvula yamphamvu. Kutaca, mlonda anagogoda pa khomo panga asananene ndi moni yemwe. Tinapeza civundikiro citapendekeka, mbali ya kumadzulo itatitimira, njerwa ndi dothi zitagwera m'citsime. Pa matope a m'mphepete mwa dzenjelo panali mapazi a ana. Dzulo lace madzulo atsikana a giredi 6 anali kutunga pomwepo, ataima pa mbali yomweyo, ndipo mmodzi wa iwo anali mwana wanga wacisamba. Ndinayang'ana mapaziwo, miyendo yanga nilefuka, ndipo ndinakhala pansi pa matope pamaso pa mlonda.

Palibe amene anafa, koma tinalipira. Miyezi itatu ana anatunga madzi ku dambo, ulendo wa makilomita awiri, nthawi imene akadakhala m'kalasi. Ambiri anadwala m'mimba. Kukonza citsime cogumuka kunadya ndarama zoposa kanai zimene zikadakonza citsime codwala. Pa msonkhano wa makolo ndinaimirira ndi kunena poyera kuti ndinacenjezedwa koma sindinamvere. Atsibweni sanandidzudzule ndi liu limodzi lomwe. Anangonditumizira kanyundo kaja, atakakulunga m'nyuzipepa. Anamwalira mu 2021, ndipo kanyundoko kali pa tebulo langa.

Ngozi ya ku Sasago

Pambuyo pa zimenezi ndinayamba kuwerenga za mapanga a m'maiko ena, ndipo ndinapeza kuti colakwa canga cimacitikanso kwa anthu ophunzira ndi olemera kuposa ine. Ku Japan, kumadzulo kwa mzinda wa Tokyo, kuli phanga la mseu lochedwa Sasago, lotalika makilomita oposa 4, limene linatsegulidwa mu 1977. M'kati mwace anapacika denga la zidutswa za konkire, cimodzi colemera kuposa tani imodzi, ndipo pamwamba pa dengalo ndipo panali kuyenda mpweya. Zidutswazo zinalenjekeka pa zitsulo, ndipo zitsulozo zinagwidwa ndi mabauti omatidwa m'konkire ya pamwamba peni-peni pa phanga.

M'mawa wa pa 2 December 2012 mabauti anazuka, ndipo denga linagwa mtunda woposa mamita 100, niliphwanya galimoto zitatu. Anthu 9 anafa. Ofufuza anapeza kuti oyendera phangalo anali kubwera ndithu, ndipo anabweranso miyezi yowerengeka ngozi isanacitike. Koma popeza mabauti a pamwambawo anali patali, anali kungowaunika ndi nyali ndi kuwayang'ana ndi maso. Kwa zaka zoposa 10 sanagogodedwe ndi nyundo. Maso anati zonse ziri bwino. Khutu likadanena zina.

Anthu a ku Japan anaphunzirapo. Anacotsa denga lolenjekekalo ku Sasago ndi m'mapanga ena omangidwa cimodzi-modzi. Kuyambira 2014 lamulo lao linena kuti phanga liri lonse la mseu, ndi mlatho uli wonse, ziyenderedwe kamodzi pa zaka 5 ziri zonse, woyenderayo atafika pafupi peni-peni, pofika dzanja. Dzikolo liri ndi mapanga a miseu oposa 10,000, tsono taganizani kucuruka kwa nchito imeneyo. Nditawerenga izi ndinakumbukira atsibweni atagwada pa citsime, ndipo ndinazizwa kuti nzeru ya mkuru wa ku migodi, amene sukulu analekera pa njira, ndi yomweyo imene dziko la makina ambiri linaiika m'lamulo litaika maliro.

M'mene amakonzera phanga lokalamba

Nchito yoyamba ndi kuyendera. Masiku ano kuli galimoto zonyamula makamera ojambula mng'alu uli wonse, ndi makina ounika kuseri kwa konkire monga dokotala aunika cifuwa ca munthu. Koma nyundo sinatayidwe. Mmisiri amakwezedwa pa nsanja kufika ku denga, nagogoda, nalemba ndi coko malo onse olira phuu.

Yaciwiri ndi kupatsa madzi njira. Amatsuka ngalande zakale, nakumba zatsopano, ndipo pamene khoma likukha amayala nsaru yokhuthala ya pulasitiki yotsogolera madzi ku ngalande. Mmisiri wanzeru salimbana ndi madzi kuti awatsekere m'phiri; amawaperekeza kuti aturuke mwaulemu.

Yacitatu ndi kudzaza mphako. Amaboola timabowo m'khoma, napopera phala la simenti kuseri kufikira mphako yonse itadzala, kuti khoma litsamirenso phiri.

Yacinai ndi kusoka miyala. Pamene mwala wagawanika amaboola mabowo akuya mamita angapo, nalowetsamo ndodo zacitsulo, nazimata ndi simenti, kuti mwala wofooka wa kunja ugwirane ndi wolimba wa m'kati. Pamwamba pace amayala ukonde wa waya, napopera konkire ndi paipi yamphamvu. Njerwa zobvunda amazicotsa zowerengeka pa nthawi imodzi, naikapo zina, kuopa kuti denga lingawatsikire. Pamene khoma latheratu amaligumula cigawo-cigawo ndi kumanga latsopano.

Cobvuta copambana ndi nthawi. Wokonza nyumba amasamutsa eni ace, koma wokonza phanga kawiri-kawiri amapatsidwa maola owerengeka a pakati pa usiku, sitima yomariza itapita. Ayenera kulowetsa zida, kugwira nchito m'fumbi ndi m'cinyontho, ndi kucotsa zonse sitima ya m'mawa isanafike. Nchito ikakula, palibe kucitira mwina koma kutseka njira, ndipo pamenepo anthu amadandaula.

Citsanzo ndi phanga la Mont Blanc, loboola phiri lalitali koposa la Alps, pakati pa France ndi Italy. Ndi la mseu, lotalika makilomita 11.6, ndipo linatsegulidwa mu 1965. Pa 24 March 1999 lole yonyamula ufa ndi majarini inayaka pakati pa phangalo. Moto unayaka masiku oposa awiri, ndipo anthu 39 anafa. Phanga linatsekedwa zaka zitatu, kufikira 2002. Pokonza anamanganso makoma opserera, anaika zipinda zothawiramo pa mamita 300 ali onse zolumikizana ndi njira yopulumukira ya pansi pa mseu, anaika makina okoka utsi, ndi ozimitsa moto okhala pakati pa phanga usana ndi usiku. Zonsezi zinali zotheka moto usanabuke, koma zinacitika maliro atapita.

Mu 2024 eni phangalo anacita mwa njira yina. Analitseka milungu 15, kuyambira September kufikira December, kuti ayambe kumanganso denga lokalamba lisanagwe, ndipo anatsekanso cimodzi-modzi mu 2025. Pa kutseka kumodzi anakonza mamita mazana owerengeka okha. Oyendetsa malole anazungulira njira yaitali, amalonda anataya phindu, ndipo madandaulo sanasowe. Koma kutseka kwa 1999 kunadza ndi mitembo, pamene kwa 2024 kunadza ndi cidziwitso colembedwa pa cikwangwani. Ine amene ndinaona mapazi a mwana wanga pa matope ndidziwa kutseka kumene ndingasankhe.

Tibwerere kwathu

Njanji ya TAZARA nayo yakalamba. Pofika 2025 mapanga ace onse 22 anali atapitirira zaka 50. M'zaka zace zamphamvu inanyamula katundu woposa matani 1,000,000 pa caka, koma pofika 2015 katunduyo anatsika osafika ndi matani 100,000 omwe. Zifukwa zinali zingapo: njira za kumwera zinatsegukanso, malole anacuruka pa mseu, ndipo ndarama zokonzera njanji ndi mainjini zinacepa. Njanji yosakonzedwa imayendetsa sitima pang'ono-pang'ono. Sitima yocedwa imathawitsa amalonda. Amalonda akathawa ndarama zokonzera zimacepanso. Umo ndimo njanji imafera.

Mu September 2024, ku Beijing, atsogoleri a Zambia, Tanzania ndi China anacitira umboni pangano lotsitsimutsa njanjiyi. Mu 2025 anasainirana ndi kampani ya ku China mgwirizano wa madola a ku America 1.4 biliyoni, wakuti ikonze njanji ndi kuiyendetsa, zonse pamodzi zaka 30. Ndi nkhani yokondweretsa. Koma ine funso langa ndi la atsibweni. Zokonza zazikuru zikadzatha, alendo olemekezeka atadula riboni napita, kodi adzakhalapo munthu wa nyali ndi nyundo wolowa m'mapanga a Mlimba mvula isanagwe? Kodi malipiro ace adzafika pa nthawi yace? Ndipo akadzanena kuti apa palira phuu, kodi adzamveredwa?

Tonsefe timakonda cinthu catsopano. Womanga amaimbidwa nyimbo, dzina lace nililembedwa pa mwala. Wokonza sadziwika, pakuti nchito yace ikayenda bwino palibe cimene cimacitika: sitima imangodutsa, ana amangotunga madzi. Cifukwa cace ndarama zokonzera ndizo zimayamba kudulidwa, m'boma ndi m'mudzi momwe. Ndinena izi monga munthu amene anazidula ndi dzanja lace.

Inu owerenga, mwina simudzakonza phanga la njanji. Koma m'mudzi mwanu muli citsime, muli kamlatho ka pa mseu kamene paipi yace yadzala mcenga, muli khoma la chalichi lokhala ndi mng'alu, muli nkhokwe ya miyendo yodyedwa ndi ciswe. Musakhutire ndi maso okha. Pitani pafupi, gwirani ndi dzanja, gogodani. Ndipo mukamva kuti mseu kapena njanji yatsekedwa cifukwa amisiri akukonza, musafulumire kutukwana. Pa msonkhano wa mudzi, pamene anthu akambirana zomanga catsopano, wina wa inu aimirire afunse kuti, nanga cakale cija adzakonza ndani, ndipo ndi ndarama ziti?

Pa sukulu yathu tinaika mwambo. Lacisanu loyamba la October, mvula isanayambe, ndimatenga kanyundo ka atsibweni, ndi ana a giredi 7 pambuyo panga. Timayamba pa citsime, tipite ku zimbudzi, ku makoma a makalasi, ndi ku kamlatho ka pa cipata. Mwana ali yense amagogoda, anzace atakhala cete. Caka catha kamtsikana kena kamanyazi, kamene m'kalasi sikaimika dzanja, kanagogoda khonde la giredi 2, nikaima, nikagogodanso.

"Aphunzitsi," kanatero, "apa palira phuu."

Ndinagwada ndi kugogoda ndekha. Kananena zoona. Mlungu womwewo tinagula matumba awiri a simenti, ndipo tinakonza.